Adawotchedwa, adapirikitsidwa, lero akugogoda pakhomo: mbiri ya okana Utatu

Pa 27 Okutobala 1553, akuluakulu a mzinda wa Geneva adatulutsa m'ndende dokotala wina wa ku Spain n'kupita naye pa kamtunda ka Champel, kunja kwa mzinda. Kumeneko adam'mangirira pamtengo pamodzi ndi buku lake, adaunjika nkhuni, n'kuyatsa moto. Dzina lake lidali Michael Servetus. Sadaphe munthu, sadabe cha mwini. Milandu yake idali iwiri: kukana ubatizo wa makanda, ndi kukana chiphunzitso cha Utatu, chakuti Mulungu ndi mmodzi koma ali Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera.

Servetus adali munthu wamutu, koma wosamva za anzake. Mu 1531, ali ndi zaka pafupifupi 20, adasindikiza kabuku kondandalika zimene ankati ndi zolakwika za Utatu. Akatolika ndi Apulotesitanti, amene masiku amenewo sankamwerana madzi, adagwirizana pa chimodzi: mnyamatayu ndi woopsa. Adathawira ku France, adasintha dzina, adaphunzira udokotala, ndipo adakhala woyamba ku Ulaya kusindikiza momwe magazi amayendera kuchoka mumtima kudzera m'mapapo. Nzeru imeneyo sadaiike m'buku la zachipatala. Adaikwirira m'kati mwa buku la zaumulungu la mu 1553, lomwe lidam'phetsalo. Akatolika a ku Vienne adam'gwira, iye adazemba m'ndende, iwo n'kuwotcha chifanizo chake. Pothawapo adadzera ku Geneva, ndipo tsiku Lamulungu adalowa m'tchalitchi momwe John Calvin ankalalikira. Adam'zindikira. Calvin ndiye adasonkhanitsa milandu. Adapempha kuti munthuyo adulidwe mutu m'malo mowotchedwa, koma khonsolo ya mzinda idakana.

Kwa a CCAP iyi ndi nkhani ya m'banja, pakuti Geneva wa Calvin ndiko kuchimake kwa chiphunzitso chimene chidadzera ku Scotland ndi ku South Africa kudzafika ku Livingstonia, Blantyre ndi Nkhoma. Mu 1903, patapita zaka 350, otsatira Calvin adaimika mwala ku Champel povomereza kuti chidachitikacho chidali cholakwa.

Mkanganowu sudayambe ndi Servetus, ndipo sudayambire ku Ulaya. Amene amati Utatu ndi nzeru za azungu amaiwala kuti akuluakulu a mbali zonse ziwiri adali a mu Africa muno. Tertullian wa ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, ankalemba kale za Utatu cha m'ma 200. Arius, wansembe wa ku Alexandria wochokera ku Libya, ndiye adaphunzitsa cha m'ma 318 kuti Mwana adachita kulengedwa. Athanasius, amene adalimbana ndi chiphunzitsocho moyo wake wonse, adali wa ku Egypt. Mfumu Constantine idaitana mabishopu ku Nicaea mu 325, ndipo iwo adagamula kuti Mwana sadalengedwe, umulungu wake ndi womwewo wa Atate. Msonkhano wa ku Constantinople mu 381 udawonjezera za Mzimu Woyera. Masiku ano timamva kawirikawiri kuti Constantine ndiye adapeka Utatu. Mbiri ikukana. Mfumuyo inkangofuna bata m'dziko. Pambuyo pake idayamba kukondera anzake a Arius, idapirikitsa Athanasius, ndipo ili pafupi kufa mu 337 idabatizidwa ndi bishopu wa mbali ya Arius. Koma okhulupirira Utatu nawo asamanamizire kuti nkhani idatha tsiku limodzi. Padapita zaka zoposa 50 za misonkhano, kuthamangitsana ndi malamulo a mafumu, ndipo Athanasius yekhayo adapirikitsidwa kasanu.

Kenako nkhaniyo idagona zaka mazanamazana. Adadzaidzutsa mosadziwa ndi anthu okhulupirira Utatu ndi mtima wonse. Martin Luther ndi anzake adauza anthu kuti chiphunzitso chilichonse chiyesedwe ndi Malemba, osati ndi mawu a papa kapena zigamulo za misonkhano ya mabishopu. Iwo ankaganiza za purigatoliyo ndi zikalata zokhululukira machimo. Koma ena adafunsa kuti: nanga wa ku Nicaea sudali msonkhano wa mabishopu? Funso lija lakuti "tandionetseni vesi", limene mumalimva pakhonde panu Loweruka m'mawa, lidabadwira pamenepo.

Vesi imodzi idagwedezeka msanga. Mu 1516 Erasmus, katswiri wa ku Netherlands, adasindikiza Chipangano Chatsopano m'Chigiriki, ndipo pa 1 Yohane 5:7 mudalibe chiganizo chimene chimatchula atatuwo pamodzi n'kunena kuti ndi amodzi. Sadachipeze m'mipukutu ya Chigiriki imene adali nayo. Phokoso litakula adachiikamo mu 1522, ndipo kuchokera apo chidalowa m'Baibulo la King James la 1611. Lero akatswiri a mbali zonse amavomereza kuti chidachita kulowetsedwa ndi okopera mabuku a Chilatini, ndipo Mabaibulo ambiri atsopano adachichotsa kapena adachitsitsira m'munsi mwa tsamba.

Kuwotcha Servetus sikudathandize. Oganiza ngati iye adangosunthira kum'mawa. Ku Transylvania, dera limene lero lili m'Romania, Ferenc Dávid, mlaliki wa kunyumba ya mfumu, adachoka ku Chikatolika kupita kwa Luther, kenako kwa Calvin, mapeto ake n'kukana Utatu, ndipo mfumu John Sigismund idam'tsatira. Mu 1568 nyumba ya malamulo itakumana ku Torda idalamula kuti mlaliki asazunzidwe chifukwa cha chimene akuphunzitsa. Ufuluwo sudam'pulumutse mwini wake. Dávid atafika ponena kuti Yesu sayenera kupemphedwa m'pemphero, adafera m'ndende mu 1579, ngakhale mpingo wake ulipo mpaka lero m'midzi ya kumeneko. Ku Poland, gulu la Faustus Socinus lidali ndi sukulu ndi makina osindikizira ku Raków, ndipo katekisimu wawo wa 1605 adayenda Ulaya yense. Boma lidatseka sukuluyo mu 1638, ndipo mu 1658 lidawauza kuti asankhe kutembenuka kapena kusamuka. Ena adanyamula mabuku awo kupita ku Netherlands, ndipo kuchokera kumeneko mabukuwo adawolokera ku England.

Ku Britain nako nkhuni zidayaka. Edward Wightman, amene adawotchedwa ku Lichfield mu Epulo 1612, adali womaliza ku England kuphedwa motero pa mlandu wa mpatuko. Lamulo la 1689 lidapereka ufulu wopembedza kwa Apulotesitanti a mipingo ina, koma lidasiya kunja Akatolika ndi okana Utatu. Ndiye pali nkhani yomvetsa chisoni ya Thomas Aikenhead, wophunzira wa ku Edinburgh wa zaka 20, yemwe pocheza ndi anzake ankanyogodola Malemba ndi Utatu womwe. Anzake omwewo ndiwo adakam'perekera umboni. Mnyamatayo adalapa, adapempha chifundo ponena za kuchepa kwa msinkhu wake. Akuluakulu a boma adati akhoza kum'leka ndi moyo ngati mpingo utam'pepesera. Msonkhano waukulu wa Church of Scotland, umene unkakumana mumzinda momwemo, m'malo mwake udapempha kuti malamulo agwire ntchito mwamphamvu. Adam'nyonga pa 8 Januwale 1697. Mpingo womwewo, patapita zaka 179, ndiwo udatuma amishoni odzayamba Blantyre Mission.

Ochenjera adaphunzira kusunga pakamwa. Isaac Newton, katswiri wa masamu ndi sayansi uja, adakhala zaka zoposa 30 pa koleji ya Trinity ku Cambridge, chonsecho mumtima mwake ankamuona Athanasius ngati kathyali amene adaipitsa Chikhristu. Ophunzitsa pa kolejiyo ankayenera kudzozedwa unsembe wa Anglican. Newton adapeza chilolezo cha mfumu mu 1675 kuti asadzozedwe, osaulula chifukwa chenicheni. Mu 1690 adalembera mnzake John Locke kalata yaitali yofufuza 1 Yohane 5:7 ndi 1 Timoteyo 3:16 kuti ikasindikizidwe kunja popanda dzina, kenako mantha adam'gwira n'kuiletsa. Idadzatuluka mu 1754, mwini wake ali m'manda. Mantha akewo sadali opanda pake. William Whiston, amene adalowa pampando wake, adayankhula poyera ndipo adachotsedwa ntchito mu 1710. Mulu wa zolemba za Newton pa zachipembedzo udadzadziwika bwino utagulitsidwa pa okushoni ku London mu 1936.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 zingwe zidayamba kumasuka. Theophilus Lindsey adatula pansi unsembe wa Anglican n'kutsegula nyumba yopemphereramo okana Utatu ku Essex Street mu London mu 1774. Anthuwa adadziwika kuti a Unitarian. Joseph Priestley, mmodzi mwa otulukira mpweya wa okosijeni, adali mbusa wawo. Mu 1791 chigulu cholusa ndi chipembedzo chake komanso ndale zake chidam'tenthera nyumba, mabuku ndi zipangizo ku Birmingham, iye n'kusamukira ku America. Mu 1813 nyumba ya malamulo idachotsa zilango kwa okana Utatu. Ku America mipingo yakale ya ku Boston idatembenuka umodzi ndi umodzi, yunivesite ya Harvard idayamba kugwera m'manja mwawo mu 1805, ndipo apulezidenti anayi a dzikolo, kuphatikizapo John Adams ndi mwana wake, adali a Unitarian. Thomas Jefferson adafika polemba mu 1822 kuti akuyembekeza kuti mnyamata aliyense wa m'dzikomo adzafa ali wa chipembedzo chimenechi. Adaphonya kutali. Chipembedzo cha ophunzira ndi opeza bwino chija, chitachotsa Utatu, chidapitiriza kuchotsa zozizwitsa, kenako ulamuliro wa Baibulo. Bungwe lawo la ku America, limene lidaphatikizana ndi a Universalist mu 1961, lero silifunsa n'komwe ngati munthu amakhulupirira Mulungu, ndipo mamembala ake sakwana 200,000. Ku Britain atsala masauzande owerengeka.

Amene adadzachuluka adatulukira kumene Jefferson sankayang'anako: m'masitolo, m'minda ndi m'matenti a chitsitsimutso. Awa sankadandaula kuti Utatu ukusemphana ndi nzeru za munthu. Ankati m'Baibulo mulibe, basi. Sadali ofooka pa Malemba, koma okakamira Malemba kuposa abusa a madigiri. Ine ndimaona kuti mutu wa mbiri yonseyi wagona apa. Kukana Utatu kudafota kulikonse kumene kudali nkhani ya anthu okayikira Baibulo, ndipo kudaphuka kumene kudali nkhani ya anthu olikhulupirira chilembo ndi chilembo.

Charles Taze Russell adali wamalonda a zovala ku Allegheny, m'chigawo cha Pennsylvania, woleredwa mu mpingo wa Presbyterian. Chidayamba kum'sowetsa mtendere ndi chiphunzitso cha moto wosatha. Adayambitsa kagulu kophunzira Baibulo, ndipo mu Julayi 1879 adatulutsa magazini imene kuno timaidziwa kuti Nsanja ya Olonda. Pofika 1882 magaziniyo inkakana Utatu poyera. Russell atamwalira mu 1916 utsogoleri udapita kwa Joseph Rutherford, ndipo mu 1931 gululo lidatenga dzina la Mboni za Yehova. Chiphunzitso chawo chili pafupi ndi cha Arius: Yehova yekha ndiye Wamphamvuyonse, Yesu ndi woyamba kulengedwa, ndipo mzimu woyera ndi mphamvu imene Mulungu amagwiritsa ntchito. Chimene Arius adalibe ndi makina osindikizira ndi miyendo ya anthu oyenda khomo ndi khomo.

Kuno kwathu uthenga wa Russell udafika msanga modabwitsa. Joseph Booth, mmishoni wosakhazikika uja amene adabwera mu 1892 n'kulemba ntchito John Chilembwe, adakumana ndi Russell mu 1906, ndipo ali ku Cape Town adaphunzitsa Elliot Kamwana, Mtonga amene adasiyira panjira sukulu ya ku Livingstonia. Kamwana adabwerera kwawo mu 1908, ndipo m'miyezi yochepa adabatiza anthu oposa 9,000 m'dera la Nkhata Bay. Tisadzinamize kuti Atonga onsewo adali ataweruza mlandu wa Arius ndi Athanasius. Ku mishoni munthu ankatha zaka ali m'kalasi kudikira ubatizo. Kamwana ankabatiza pompopompo, pomiza m'madzi, ndipo ankalengeza kuti mu 1914 Khristu afika, ulamuliro wa azungu utha, msonkho nawo utha. Amishoni adadandaula, atsamunda adam'gwira mu 1909 n'kum'tulutsa m'dziko, ndipo pambuyo pake adakam'taya ku Mauritius ndi ku Seychelles. Mu 1910 likulu la gulu la Russell, la Watch Tower, lidatuma William Johnston kudzaona nkhosa zatsopanozi, ndipo adabwerera wokhumudwa kuti ambiri sankadziwa zimene Russell amaphunzitsa. Kamwana atabwerako mu 1937 adayambitsa mpingo wakewake wa Mlonda, wosalamulidwa ndi ku America. Koma dzina la Achitawala lidatsala, ndipo lidayenda ndi anthu opita ku migodi mpaka ku Zambia, Zimbabwe ndi Congo.

Mazunzo aakulu adadza dziko litalandira ufulu, ndipo nawonso sadali a Utatu. A Mboni adakana kugula khadi la chipani cha Malawi Congress Party. Boma lidaletsa mpingowo mu Okutobala 1967. Mu 1972, msonkhano waukulu wa chipani utagamula kuti achotsedwe ntchito ndi kupirikitsidwa m'midzi, ayufi ndi apayoniya adatentha nyumba, adamenya, adagwiririra amayi, ena n'kuphedwa. Anthu pafupifupi 20,000 adathawira ku Sinda Misale m'Zambia, ena ku Mlangeni m'Mozambique, ndipo masauzande adatsekeredwa ku Dzaleka chapakati pa zaka za m'ma 1970. Chiletso chidachotsedwa pa 12 Ogasiti 1993. Komabe ine ndimakayika ngati chiphunzitso chidalibiretu gawo. Anthu amene wakhala ukuwatcha ampatuko kuyambira ku Sande sukulu savuta kuwayang'anira kumbali akamamenyedwa. Lero a Mboni m'Malawi ali cha m'ma 100,000, ku Zambia aposa 200,000, padziko lonse aposa 8 miliyoni, ndipo ali ndi Baibulo lawo m'Chichewa, la Dziko Latsopano, limene pa Yohane 1:1 limasiyana ndi Buku Lopatulika.

Gulu lina lidatulukira mbali imene palibe adaiyembekeza. Mu Epulo 1913, pa msonkhano wa m'matenti wa Apentekoste ku Arroyo Seco pafupi ndi Los Angeles, mlaliki wa ku Canada, R. E. McAlister, adatchula pa mwambo wa ubatizo kuti m'buku la Machitidwe atumwi ankabatiza m'dzina la Yesu, osati potchula atatu aja a pa Mateyu 28:19. Munthu wina, John Schaepe, adachezera kupemphera, m'bandakucha n'kuthamanga m'misasa akufuula kuti Mulungu wamuululira za dzina la Yesu. Frank Ewart adaisinkhasinkha nkhaniyo chaka chathunthu n'kufika pa yankho ili: Mateyu akunena za dzina limodzi, Machitidwe 2:38 akulitchula dzinalo, choncho Atate, Mwana ndi Mzimu ndi maudindo atatu a mmodzi yemweyo, Yesu. Pa 15 Epulo 1914 iye ndi Glenn Cook adabatizana kachiwiri, ndipo abusa ambiri adatsatira kumadzi. Mpingo wa Assemblies of God, umene udali utangobadwa kumene ndipo unkanyadira kuti ulibe chikhulupiriro cholembedwa, udakakamizika kulemba chake ku St. Louis mu 1916. Abusa 156 mwa 585 adatuluka. Mwa otulukawo ndimo mudadzachokera mipingo ngati United Pentecostal Church, umene udakhazikitsidwa mu 1945. Lero a chiphunzitso chimenechi, cha "Yesu yekha", ndi mamiliyoni ambiri, ochuluka a iwo ali kunja kwa America, m'mayiko ngati Ethiopia, Colombia, Mexico ndi China. William Branham, mlaliki wa machiritso amene adamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1965, nayenso ankaudzudzula Utatu mosapsatira mawu, ndipo otsatira uthenga wake alipo m'matauni athu, ku Zambia, ku Zimbabwe, makamakanso ku Congo.

Ndiye taganizani mutawakhazika onsewa pabwalo limodzi. Wa Mboni akuti Yesu ndi wocheperapo kwa Atate. Wa "Yesu yekha" akuti Yesu ndiye Atate amene. Wa Christadelphian, wotsatira dokotala John Thomas amene adalipatsa gululo dzina mu 1864, akuti Yesu kudalibe asanabadwe mwa Mariya. Gulu limeneli ndi laling'ono padziko, koma Malawi ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko kumene lili ndi anthu ambiri. Wa Iglesia ni Cristo, mpingo umene Felix Manalo adaulembetsa ku Philippines mu Julayi 1914 ndipo uli ndi anthu oposa 2 miliyoni, akuti Yesu ndi munthu wosankhika, si Mulungu. Wa Mormon, wa mpingo umene Joseph Smith adayamba mu 1830, akuti atatuwo ndi osiyana ndithu, ogwirizana pa cholinga, ndipo Atate ali ndi thupi; n'chifukwa chake Vatican idalengeza mu 2001 kuti ubatizo wawo suwerengedwa. Onse akukana Nicaea, onse Baibulo lili m'manja, koma wa Mboni ndi wa "Yesu yekha" atalikirana kuposa mmene aliyense wa iwo watalikirana ndi wansembe wa Katolika. Okhulupirira Utatu amaloza pamenepo n'kumati: mwaona, mafunso amene Nicaea inkayankha ndi osathawika, ukakana yankho lake ubweretse lako. Mfundo imeneyi ili ndi mano. Otsutsa nawo amabweza kuti Akatolika, a Orthodox ndi Apulotesitanti amagwirizana pa Utatu, chonsecho sadyera pamodzi mgonero.

Si onse adapita osabwerera. Ambiri mwa oyambitsa mpingo wa Seventh-day Adventist, monga James White ndi Joseph Bates, ankakana Utatu poyera. Mu 1902, pamene mpingowo unkagula mishoni ya Plainfield ku Thyolo, yoyambitsidwa ndi Booth yemwe uja ndipo idadzatchedwa Malamulo, nkhaniyi idali isanakhazikike pakati pawo. Zolemba za Ellen White za kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 zidakankhira mpingo kuvomereza kuti Khristu alibe chiyambi ndipo Mzimu si mphamvu chabe. Utatu udalowa m'ndandanda wa zikhulupiriro zawo mu 1931, ndipo msonkhano waukulu wa ku Dallas udauvomereza ndi voti mu 1980. Zidatenga mibadwo ingapo, popanda wowotchedwa. Lero timagulu tina m'kati mwa mpingowo, tofalitsa zathu pa intaneti, tikuti mpingo ubwerere ku chiphunzitso cha makolo ake.

Kwa otsatira Herbert Armstrong zidachitika mwadzidzidzi ndipo zidapweteka. Mlaliki wa pa wailesi ameneyu, mwini magazini yaulere ya The Plain Truth, ankaphunzitsa kuti Mulungu ndi banja la Atate ndi Mwana, Mzimu ndi mphamvu chabe. Atamwalira mu 1986 om'lowa m'malo adayamba kuunikanso ziphunzitso zake, ndipo mu 1993 Worldwide Church of God idavomereza Utatu. Pamodzi ndi kusintha kwina, monga kwa Sabata, izi zidang'amba mpingo. Pafupifupi theka la anthu lidachoka, zopereka zidagwa, yunivesite yawo idatsekedwa, ndipo okhulupirika kwa Armstrong adagawikana m'timipingo tambirimbiri.

M'zaka zonsezi mavesi sadasinthe. Wokana amatsegula Deuteronomo 6:4 pa umodzi wa Mulungu, Yohane 14:28 pomwe Yesu akuika Atate pamwamba pake, Maliko 13:32 pomwe Mwana sakudziwa tsiku lomaliza, ndi Akolose 1:15. Wokhulupirira amatsegula chiyambi cha Yohane, chivomerezo cha Tomasi pa Yohane 20:28, Afilipi 2 ndi mdalitso wotsekera 2 Akorinto. Ambiri mwa amenewa ndi omwe ankaponyerana a Arius ndi a Athanasius. Chatsopano chachokera kwa ofufuza mbiri. Mu 1977 gulu la ophunzira a ku Britain lotsogozedwa ndi John Hick lidatulutsa buku la The Myth of God Incarnate, lonena kuti umulungu wa Yesu udayamba ngati mawu ophiphiritsa amene mpingo udadzawaumitsa pang'onopang'ono. Ena, monga Larry Hurtado wa ku yunivesite ya Edinburgh, adaonetsa kuti Ayuda oyamba kutsatira Yesu adayamba kum'pembedza pamodzi ndi Mulungu m'zaka zoyambirira zenizeni, makalata a Paulo asanalembedwe. Izi sizitsimikizira mawu onse a ku Nicaea, koma zimam'pinga amene amati zonse zidayamba mu 325.

Palinso wotsutsa wakale kuposa Servetus amene sali m'kati mwa mpingo. Korani imakana poyera zonena kuti Mulungu ndi atatu, pa sura 4 ndi 5, ndipo sura 112 imakana zoti angakhale ndi mwana. Amene adasintha kamenyedwe ka mtsutsowu m'nthawi yathu ndi Ahmed Deedat wa ku Durban, yemwe adaphunzira Baibulo payekha akugwira ntchito m'sitolo pafupi ndi Adams Mission, kumene ophunzira a ku mishoni ankabwera kudzam'puta. M'malo motsegula Korani, iye ankatsegula Baibulo la Mkhristu mwini wake. Mtsutso wake ndi Jimmy Swaggart ku America mu 1986 udayenda pa matepi a vidiyo dziko lonse, ndipo kalankhulidwe kake mumakamvabe pa mitsutso ya pamsika ndi m'timavidiyo ta pa WhatsApp. Zina mwa mfundo zake, kuphatikizapo ya 1 Yohane 5:7, adayamba kuzikumba ndi Akhristu okhaokha, Erasmus ndi Newton.

Mipingo ikuluikulu idayankha polimbitsa mpanda. Bungwe la World Council of Churches, litakumana ku New Delhi mu 1961, lidawonjezera Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera m'mawu amene mpingo uyenera kuvomereza kuti ulowe. Akatswiri ngati Karl Barth adabwezera Utatu kumayambiriro kwa maphunziro a zaumulungu, ndipo mu 2025 mipingo idakumbukira zaka 1,700 za msonkhano wa ku Nicaea, mzinda umene lero ndi Iznik m'dziko la Turkey. Koma wansembe Karl Rahner adachenjeza kalekale kuti Utatu utachotsedwa, mabuku ambiri achikhristu sangasinthe kwenikweni, pakuti Mkhristu wamba amauvomereza ndi pakamwa, pa moyo wake sumaoneka. Kafukufuku wa mabungwe a Ligonier ndi LifeWay ku America mu 2022 adam'khalira kumbuyo. Pafupifupi onse a evanjeliko amene adafunsidwa adati amakhulupirira Utatu, koma pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse adavomerezanso kuti Yesu ndi cholengedwa choyamba ndi chachikulu cha Mulungu. Arius sakadawonjezerapo kanthu.

Kuno kwathu sizilira kafukufuku. Ingokhalani m'tchalitchi pa Lamulungu la Utatu, lotsatana ndi Pentekoste. Mlaliki akafuna kuthandiza anthu kumvetsa, kawirikawiri amadziloza pachifuwa n'kunena kuti: ine ndine mmodzi, koma kwa ana anga ndine bambo, kwa amayi anu aja ndine mwamuna, kusukulu ndine mphunzitsi. Mpingo umayankha ameni. Fanizo limenelo likunena za munthu mmodzi wa maudindo atatu. Frank Ewart akadaliombera m'manja, ndipo Sabellius, amene adaphunzitsa zofananazo, adadulidwa nazo mu mpingo ku Rome cha m'ma 220.